Nkhope sifuna phuma

Pamsika waukulu uliwonse m'dziko muno, kaya ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, pamakhala benchi losasowa anthu. Pabenchipo amayalapo timachubu, timabotolo ndi sopo wamitundumitundu, zina zolembedwa m'Chifalansa, zina m'zilembo zoti ngakhale wogulitsayo sangaziwerenge. Mwini benchi amangoyang'ana munthu kumaso n'kudziwiratu chamubweretsa. Akaona mawanga akuda m'masaya amatola kachubu kamodzi n'kulonjeza kuti sabata isanathe nkhope ikhala yosalala see. Nkhani ya lero, omvera, ndi ya kasamalidwe ka nkhope tsiku ndi tsiku, komanso ya njira imene anthu ambiri amayenda mpaka kukaima pabenchi limenelo. Kawirikawiri ulendowo umayamba ndi kachiphuphu kamodzi.

Khungu la kumaso n'lopyapyala, makamaka m'zikope, ndipo limatulutsa mafuta akeake, ochuluka pamphumi, pamphuno ndi pachibwano. Mafutawo si litsiro. Akasakanikirana ndi thukuta amaphimba khungu, n'kumasunga chinyontho ndi kutchinga tizilombo. Asayansi ali ndi muyeso wotchedwa pH woyambira pa 0 kulekeza pa 14. Madzi abwino ali pa 7, zowawasa monga mandimu zili kumunsi, ndipo soda ndi chidulo zili kumtunda. Khungu la munthu lili cha pa 5. Sopo wamba ali pakati pa 9 ndi 10, pamene sopo waufa wochapira zovala amafika mpaka kupitirira pamenepo. N'chifukwa chake munthu akasamba kumaso ndi sopo wochapira amamva khungu likukokana, ndipo pakapita kanthawi limatuwa kuti mbuu. Ena amati kukokanako ndiye umboni woti asamba bwino, chonsecho n'chizindikiro chakuti mafuta oteteza aja achoka onse.

Zoona, m'mabanja ambiri sopo ndi mmodzi yemweyo: wochapira, wotsukira mbale ndi wosambira. Zikakhala choncho, chothandiza n'kupanga thovu pang'ono m'manja, kulipaka kumaso mofatsa, n'kutsukuluza mwamsanga ndi madzi ambiri ofunda pang'ono kapena ozizira. Kawiri pa tsiku n'kokwanira, m'mawa ndi madzulo, kuonjezapo pamene munthu watuluka thukuta lambiri kumunda kapena kumpira. Chinkhupule n'cha kumsana, ndipo mwala uja wokhala kubafa ntchito yake ndi ya kumapazi. Nkhope imasambidwa ndi zala. Pomaliza aipukute mongogunditsa kansalu koyera, kosiyana ndi thaulo la banja lonse limene limagona lonyowa pamsomali kuseri kwa chitseko.

Zodzola zimatengera nyengo ndi khungu la munthu. Mu June ndi July, mphepo ya mwera ikamaomba ndipo ku Dedza ndi ku Mzuzu anthu akamadzuka mano akugundana, khungu limauma, milomo imang'aluka. Nthawi imeneyi Vaseline amagwira ntchito yabwino pamilomo ndi pamasaya ouma, makamaka akadzoledwa khungu likadali lachinyezi, chifukwa iye sabweretsa madzi koma amatsekera amene alipo kale. Gilisalini naye amathandiza, koma amafuna kumusungunula ndi madzi pang'ono. Wosasungunula amanata ndipo fumbi lonse la mumsewu limathera kumaso. Makolo ankadzola mafuta a nsatsi, ndipo masiku ano mafuta a malambe akupezeka m'masitolo. Onsewa ndi abwino kwa wa khungu louma. Koma mu October, ku Nsanje ndi ku Chikwawa kukamatentha kupitirira madigiri 40, wa khungu lamafuta akadzola zolemera zoterezi kumaso amangodziputira mavuto. Iyeyu amafuna loshoni wopepuka, pang'ono chabe, mwinanso m'malo ouma okhaokha.

Tsono ziphuphu. Achinyamata pafupifupi 8 mwa 10 alionse amatuluka ziphuphu nthawi ina, ndipo ena zimawatsatira mpaka atakula. Gwero lake ndi mahomoni. Munthu akamatha msinkhu khungu limayamba kutulutsa mafuta ambiri. Mafutawo pamodzi ndi tizidutswa ta khungu lakufa amatseka timabowo totulukira tsitsi, ndipo tizilombo timene timakhala pakhungu la munthu aliyense timaswana m'katimo mpaka potupa. Kadontho kakuda kooneka pamphuno si fumbi ayi. Ndi mafuta amene ada chifukwa chokumana ndi mpweya. Amayi ambiri amaona ziphuphu zikuchuluka masiku oti atsala pang'ono kusamba, ndipo zimenezi n'zachibadwa.

Pa nkhani ya ziphuphu aliyense ndi sing'anga. Azakhali amati ndi mtedza. Anzake a kusukulu amati ndi magazi oipa. Anyamata ena amanamizana kuti zimatha munthu akayamba zibwenzi, bodza limene lapweteketsa ambiri popanda kuchotsa chiphuphu ngakhale chimodzi. Za mtedza umboni wake n'ngofooka kwambiri. Kafukufuku amaloza kwambiri ku zakudya ndi zakumwa za shuga wambiri, ndipo kwa anthu ena mkaka. Choncho mwana amene wamanidwa chiponde koma akumwa zoziziritsa kukhosi tsiku lililonse wangolandidwa chakudya chabwino pachabe.

Pali gwero lina limene anthu saliganizira: mafuta a kumutu. Mu 1970 madokotala a khungu ku America, Plewig, Fulton ndi Kligman, analemba za ziphuphu zing'onozing'ono zimene zinkatuluka pamphumi ndi m'mbali mwa nkhope pa anthu akuda odzola mafuta olemera kutsitsi. Zimenezi zikuchitikabe. Mtsikana akachoka kusaluni mutu uli nyezinyezi, mafutawo amatsikira pamphumi ndi thukuta, ena amatsalira papilo ndi pampango wogonera. Ziphuphu zikandandalika m'mphepete mwa tsitsi mokhamokha, woyamba kumukayikira ndi botolo la mafuta a kumutu. Kuchapa chovala cha pilo sabata iliyonse, kupukuta foni imene imakhala yomatirira patsaya, ndi kuchotsa zophodaphoda asanagone kumachepetsa vutoli popanda kugula kalikonse.

Chiphuphu chikachisiya chokha chimatha pakapita masiku. Koma ndani amachisiya? Munthu amaima pagalasi, zikhadabo ziwiri n'kuchipana mpaka magazi atuluke. Mafinya ena amatulukadi, koma ena amakankhidwira m'kati, ndipo kutupa kumakula. Apa ndi pamene khungu lakuda limasiyana ndi loyera. Pakhungu lakuda, paliponse pamene patupa kapena kuvulala, thupi limatumizapo melanin wochuluka, chimene chimapatsa khungu mtundu wake. Chiphuphu cha sabata imodzi chimasiya banga la miyezi ingapo, ndipo likakhala lozama limatha chaka kapena kuposerapo. Anthu ambiri amene amadandaula za nkhope zawo sadandaula ziphuphu zenizenizo. Chimawasowetsa mtendere ndi mawanga otsalawo.

Akaona banga, ambiri amathamangira kukhitchini. Mandimu ndiwo amayamba. Madzi ake ali cha pa 2 pa muyeso uja, owawasa kwambiri kuposa khungu, ndipo amatha kuliwaula. Choopsa china n'chakuti madzi a zipatso za mtundu wa mandimu akakhala pakhungu munthu n'kupita padzuwa, amatha kuotcha ndi kusiya banga lakuda kuposa loyamba lija. Mankhwala otsukira mano amaumitsadi chiphuphu, koma amaotcha khungu lozungulira. Adyo wosinja akagona pankhope amatulutsa matuza. Soda, mchere, shuga wokhulira, spiriti: zonsezi zimapweteka, ndipo kupwetekako anthu amakutenga ngati chizindikiro choti mankhwala akugwira ntchito. Zimene amaonera pa TikTok ndi pa Facebook zangoonjezera chipwirikiti, chifukwa wojambula kanemayo saonetsa mmene nkhope yake inalili patatha mwezi.

Si zonse za kukhitchini zoipa. Uchi weniweni umafewetsa khungu ndipo uli ndi mphamvu yolimbana ndi tizilombo. Kuupaka kwa mphindi 10 kapena 15 n'kutsuka sikuononga kanthu kwa anthu ambiri. Madzi oyera a m'kati mwa tsamba la alovera amaziziritsa khungu lopsa ndi dzuwa, bola achotse kaye utomoni wachikasu wa m'mphepete umene umayabwa. Kansalu konyowetsa ndi madzi ozizira kapena tizidutswa ta nkhaka timaphwetsa zikope zotupa m'mawa. Kansalu ka madzi ofunda kakaikidwa pachiphuphu chowawa kamachithandiza kupsa chokha. Zimenezi zimatonthoza khungu, koma sizichiza ziphuphu zambiri. Ndipo chilichonse chatsopano ndi bwino kuchiyesa kaye pamkono kapena kuseri kwa khutu n'kudikira tsiku limodzi kapena awiri.

Mankhwala amene madokotala amawadalira pa ziphuphu zapakatikati ndi benzoyl peroxide, wopezeka ku famase. Wa 2.5 kapena 5 peresenti ndi wokwanira. Wamphamvu kuposa apo amangoonjezera kuuma. Amapakidwa pang'ono kamodzi pa tsiku, poyamba modumphitsa masiku, pamalo onse otuluka ziphuphu. Amasasula mtundu wa nsalu, choncho chitenje chabwino chikhale kutali. Palinso sopo ndi zodzola zokhala ndi salicylic acid zimene zimatsegula timabowo totsekeka. Vuto lake ndi limodzi: zotsatira zimayamba kuoneka pakatha masabata 6 mpaka 8. Khungu limatenga pafupifupi mwezi kuti lisinthe gawo lake lapamwamba, ndipo palibe mankhwala abwino amene angalifulumizitse kwenikweni. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mtsikana woti ali ndi ukwati wa mnzake Loweruka likubwerali sangamve zimenezo. Iye amafuna za masiku atatu, ndipo za masiku atatu zilipo.

Timachubu tambiri togulitsidwa ngati mafuta oyeretsa ndi mankhwala a kuchipatala otchedwa steroid. Movate muli clobetasol, Diproson muli betamethasone. Awa ndi mankhwala enieni, opangidwira matenda ena a pakhungu, oyenera kulembedwa ndi dokotala ndi kupakidwa kwa masiku owerengeka. Clobetasol ali m'gulu la amphamvu koposa, ndipo madokotala salola wamba kuti apakidwe kumaso. Sabata yoyamba amachita zodabwitsa: kutupa kumaphwa, nkhope imawala, anthu amayamba kufunsa chinsinsi. Ikatha miyezi khungu limapyapyala mpaka timitsempha kuonekera. Ziphuphu zimabwerera zochuluka, zofanana msinkhu, zodzaza nkhope yonse. Tsitsi limamera m'masaya, m'khosi ndi m'mikono mumatuluka mizere yosafufutika, ndipo bala laling'ono limachedwa kupola. Wodzola thupi lonse kwa nthawi yaitali mankhwalawo amalowa m'magazi n'kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Akayesa kusiya, nkhope imayabwa, imatentha, imada kuposa kale, ndiye amabwerera kukagula kachubu kena. Umu ndi mmene malondawa amakhalira ndi makasitomala osatha.

Mankhwala achiwiri ndi hydroquinone, amene amaletsa khungu kupanga melanin. Mbiri yake kum'mwera kwa Africa kuno n'njaitali. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 mafuta oyeretsa khungu anali malonda otentha ku South Africa ndi m'maiko oyandikana nawo, ndipo achikulire amakumbukira dzina la Ambi. Mu 1975 dokotala wa khungu wa ku Pretoria, G. H. Findlay, ndi anzake anafalitsa zimene ankaona pa amayi odzola mafuta okhala ndi hydroquinone kwa zaka: m'masaya, pamphumi ndi m'makutu munkada bii, mobiriwira, khungu n'kukhala la timiyalamiyala. Matendawa amatchedwa ochronosis, ndipo kuwachiza n'kovuta kwambiri mpaka lero. South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa khungu mu 2015, ndipo Rwanda inayamba kuwalanda m'masitolo chakumapeto kwa 2018. Madokotala amamugwiritsabe ntchito hydroquinone pa mawanga ena, koma kwa miyezi yochepa, pamalo a banga pokha, akuyang'anira.

Wachitatu ndiye woopsa mwakachetechete: mercury. Amapezeka mu sopo ndi mafuta ena oyeretsa, nthawi zina atalembedwa kuti calomel kapena mercurous chloride, nthawi zambiri osalembedwa n'komwe. Amaononga impso ndi mitsempha ya ubongo, amafika kwa mwana wosabadwa, amadutsa mumkaka wa m'mawere, ndipo amatsalira pamathaulo ndi pazofunda moti a m'nyumba onse amalandirako. Pangano la maiko lolimbana ndi mercury linasainidwa mu 2013 ndipo linatchedwa Minamata, dzina la tauni ya ku Japan kumene anthu ambiri anadwala ndi kufa m'zaka za m'ma 1950 atadya nsomba za m'madzi oipitsidwa ndi fakitale. Mu 2023 maiko a m'panganoli anagwirizana ku Geneva kuti pofika 2025 zodzoladzola zonse zothira mercury zithe. Kusaina pepala n'kosavuta. Katundu wolowa m'zikwama pamalire ndiye wovuta kumugwira.

Kukula kwa mchitidwewu kumaoneka pa ziwerengero zimene bungwe la WHO linatulutsa mu 2011: amayi 77 mwa 100 alionse ku Nigeria, 59 ku Togo ndi 35 ku South Africa ankadzola zoyeretsa khungu. Kuno kwathu anthu amangoseka kuti nkhope ya Fanta, miyendo ya Coca-Cola, poona mfundo za zala ndi zigongono zimene zimakana kuyera. Kusekako sikuthandiza. Ambiri mwa amayiwa sanayambe ndi cholinga chosintha mtundu. Ankafuna kuchotsa timawanga tiwiri. Ndipo anthu omwe amasekawo ndi omwenso amatamanda mkwatibwi kuti ndi woyera bwino, mwana akumva. Amene wakodwa kale ndi mafuta a steroid asasiye mwadzidzidzi payekha ngati wadzola kwa miyezi yambiri. Apite kuchipatala kuti akamuthandize kuchepetsa pang'onopang'ono, ndipo adziwiretu kuti masabata oyamba nkhope idzaoneka moipa isanayambe kuchira.

Chimene chimafufuta mawanga mosaononga n'chotsika mtengo kuposa zonsezi: mthunzi. Dzuwa limadetsa banga lililonse, kuphatikizapo zigamba zakuda zimene zimatuluka m'masaya ndi pamphumi pa amayi oyembekezera kapena olera ndi mapiritsi. Zigamba za pakati nthawi zambiri zimazimirira zokha mwana akabadwa. Khungu lakuda limadziteteza ku dzuwa kuposa loyera, koma osati kotheratu. Chipewa cha khonde lalikulu, ambulera ndi kupewa dzuwa la paliwombo kumathandiza wogulitsa tomato, wakabaza ndi mlimi mofanana. Amene angakwanitse mafuta oteteza ku dzuwa asankhe a SPF 30 kapena kuposa, amene amatchinga pafupifupi 97 peresenti ya cheza chootcha, ndipo awabwereze pakatha maola awiri ngati ali panja. Kumpoto kwa Mozambique, ku Nampula ndi ku Ilha de Moçambique, amayi a Chimakua amanola kamtengo pamwala wonyowa n'kudzola phala loyera lotchedwa mussiro, limene amati limafewetsa khungu ndi kulitchinjiriza ku dzuwa.

Kwa anthu achialubino nkhani ya dzuwa ndi ya moyo ndi imfa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi, ndipo khansa yapakhungu ndiyo mdani wawo wamkulu. Kwa iwowa chipewa, malaya aatali manja ndi mafuta oteteza n'zofunika tsiku lililonse kuyambira ali akhanda, ndipo kachilonda kosapola pankhope, pakhutu kapena pamlomo n'koyenera kukaonetsa kuchipatala mwamsanga. Bungwe lawo la APAM lakhala likumenyera kuti mafutawa azipezeka m'zipatala za boma mosadukiza.

Abambo nawo ali ndi lawo. Ndevu za munthu wakuda n'zopotana, ndipo zikametedwa mpala ndi lezala, nsonga yakuthwa imapindika n'kubaya khungu pomera. Zotsatira zake ndi totupa towawa pachibwano ndi pakhosi, timene ambiri amatiyesa ziphuphu. Mankhwala ake enieni n'kusintha kametedwe: kufewetsa ndevu ndi madzi ofunda, kumeta motsata kumene tsitsi lagonera, osakoka khungu, osabwereza malo amodzi kangapo. Mashini osiya ndevu zazifupi ndi abwino kuposa lezala, ndipo kuleka kumeta kwa mwezi umodzi kumapoletsa ambiri. Kometera, ndi ufulu wa kasitomala kuona kuti mashini atsukidwa, chifukwa zipere zimayenda pamano a mashini kuchoka pamutu wina kupita pa wina. Amene thupi lake limapanga zipsera zotukuka akavulala ayenera kusamala kwambiri ndi lezala kumbuyo kwa khosi.

Pali zina zooneka pankhope zimene sizifuna zodzola konse. Chipere chimakhala chozungulira, choyabwa, cha m'mphepete motukuka, ndipo mankhwala ake ndi opha mafangasi monga clotrimazole, opakidwa kwa masabata angapo. Chikapakidwa steroid chimaoneka ngati chatha, koma chimafalikira mobisala n'kudzabuka chachikulu. Zigamba zotuwa m'masaya mwa ana nthawi zambiri n'kuuma kwa khungu chabe ndipo zimamvera mafuta wamba. Koma chigamba chotumbuluka chosayabwa, chimene munthu samva akachikhudza ndi kathonje, chikhoza kukhala khate. Malawi anafika pa mlingo wa WHO wochepetsa khate mu 1994, komabe odwala atsopano akupezeka chaka ndi chaka. Mankhwala ake ndi aulere, amamwedwa kwa miyezi 6 kapena 12, ndipo akayambidwa msanga munthu amachira osalumala.

Ziphuphu zazikulu zowawa zokhala m'kati mwa khungu, zosiya maenje, kapena zimene sizinasinthe patatha miyezi itatu ya chisamaliro chabwino, n'zofunika dokotala. Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mbali yoona za khungu, ndipo ena mwa ogwira ntchito za khungu m'dziko muno anaphunzira ku Regional Dermatology Training Centre ku Moshi, m'dziko la Tanzania. Popita kumeneko ndi bwino kunyamula zonse zimene munthu wakhala akudzola, ngakhale zosakaniza za m'kabotolo kopanda dzina, chifukwa dokotala sangadziwe chochita ngati sakudziwa chimene chinapakidwa. Mayi woyembekezera kapena amene akuganiza zotenga pakati anene poyambirira, popeza mankhwala ena a ziphuphu, monga doxycycline ndi isotretinoin, saperekedwa kwa woyembekezera.